Mmene mungabwezere mankhwala ndi zipangizo zaumoyo ku famase

Anthu ambiri amapsa mtima akabwerera ku famase ndi botolo la mankhwala losatsegula n'komwe, lisiti lili m'manja, koma wogulitsa n'kuwauza kuti sangalilandire. Amaona ngati ndi umbombo chabe wa mwini bizinesi. Umbombo nthawi zina umakhalapodi, koma kawirikawiri chimene chamumanga wogulitsayo ndi lamulo. M'mayiko ambiri mankhwala amene atuluka pakhomo la famase saloledwa kubwereranso pa shelufu kuti agulitsidwe kwa munthu wina. Izi sizikutanthauza kuti mulibe ufulu uliwonse. Ufulu ulipo, kungoti umadalira chifukwa chimene mukubwezera, ndipo mkangano wambiri wa pa kauntala umayamba poti wogula ndi wogulitsa akukamba zinthu ziwiri zosiyana.

Choyamba: dziwani chifukwa chimene mukubwezera

Kubweza kulipo kwa mitundu itatu. Pali kubweza chifukwa vuto lachokera ku famase kapena ku fakitale: akupatsani mankhwala ena osati amene dokotala analemba, mankhwalawo anatha kale mphamvu, ndi owonongeka, kapena boma lalamula kuti achotsedwe pamsika. Apa muli ndi mlandu womveka ndipo muyenera kupatsidwa ena kapena kubwezeredwa ndalama. Pali kubweza chifukwa zinthu zasintha kumbali yanu: mwachira, dokotala wasintha mankhwala, munagula ambiri, mwapeza otchipa kwina. Apa musayembekezere ndalama, pokhapokha mwini famase atangokukomerani mtima. Ndiye pali kubweza kuti akawonongedwe, pamene mukungofuna kuchotsa mankhwala otsala m'nyumba. Apa sipakhala ndalama, koma ndi kubweza kumene mafamase ambiri amalandira mosavuta.

Mukafika pa kauntala nenani msanga kuti mwabwera ndi mtundu uti. Mukangoti "ndabwera kudzabweza mankhwala awa", wogulitsa amamva ngati mukufuna ndalama, ndipo yankho lake limakhala lokonzeratu.

Chachiwiri: mvetsani chifukwa chake amakana

Mfundo iyi ikuthandizani kudziwa nkhondo yoyenera kumenya ndi yongotaya nayo nthawi.

Mankhwala akakhala m'famase pamakhala munthu amene angayankhe za kasungidwe kake. Akangotuluka, palibenso amene angatsimikize. Pa makatoni ambiri palembedwa kuti asungidwe pamalo osapitirira madigiri 25 kapena 30. Insulini, akatemera ndi mankhwala ena obaya amafuna furiji, pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo insulini ikangouma ngati ayezi ndiye kuti yawonongeka ngakhale itasungunuka n'kumaoneka bwinobwino. Katoni imene yakhala maola angapo m'galimoto yoimikidwa padzuwa imaoneka chimodzimodzi ndi imene yakhala pamalo ozizira. Inu mukhoza kulumbira kuti munasunga bwino, ndipo mwina mukunena zoona, koma wafamase sangagulitse mankhwala kwa wodwala wina podalira lumbiro lanu. Dzifunseni nokha ngati mungalole kuti mwana wanu abayidwe insulini imene inagona masiku atatu kunyumba kwa munthu amene simukumudziwa.

Chifukwa china ndi chiwembu. M'chaka cha 1982 anthu 7 anamwalira m'dera la Chicago ku America atamwa makapisozi a Tylenol, mankhwala oletsa ululu, amene munthu wina anathiramo poizoni wa cyanide n'kuwasiya m'mashelufu a masitolo. Kampani ya Johnson & Johnson, eni ake a mankhwalawa, inachotsa mabotolo pafupifupi 31 miliyoni pamsika, ndipo nkhani imeneyi ndi imene inachititsa kuti mabotolo a mankhwala azimatidwa ndi kapepala pakamwa kapena kapulasitiki pachivindikiro, zoti munthu akatsegula zimaonekera. Onjezerani vuto la mankhwala achinyengo. Mu 2017 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena kuti m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene, pafupifupi mankhwala amodzi mwa 10 alionse ndi achinyengo kapena osafika pa muyezo. Famase yolandira mankhwala kuchokera kwa aliyense wolowa pakhomo ikutsegulira njira anthu osinthanitsa enieni ndi abodza.

Ngakhale kupereka mwaulere sikuloledwa mwachisawawa. Malangizo a WHO okhudza mankhwala operekedwa ngati thandizo, amene anatuluka koyamba mu 1996, amakaniza kupereka mankhwala amene anapatsidwa kale kwa odwala n'kubwezedwa. Dziko la France linkatumiza mankhwala oterewa kumayiko ovutika, koma linasiya kuyambira mu 2009, ndipo tsopano amene anthu abweza amatenthedwa. Ndiye famase imene ingalandire mankhwala anu otsegula n'kuwabwezera pa shelufu inu mukuona, musaiyamikire. Ndi famase yoti musiye kugulako.

Chachitatu: yang'anani zonse musanatuluke pakhomo

Nthawi yabwino yobwezera mankhwala ndi pamene mudakali pa kauntala. Akadali pamaso pa wogulitsa amatha kuwasintha popanda mafunso. Choncho musangolandira jumbo n'kumapita. Tsegulani pomwepo, muone dzina la wodwala ngati lalembedwa, dzina la mankhwala, mphamvu yake, kamwedwe, kuchuluka kwake, tsiku lothera mphamvu, ndiponso ngati chomata chili chosang'ambika.

Pa mphamvu ya mankhwala khalani tcheru kwambiri. Makatoni a 5 mg ndi 10 mg a kampani imodzi amatha kufanana kwambiri. Mayina enanso amasokoneza ngakhale akatswiri: chlorpromazine ndi wa matenda a maganizo pamene chlorpropamide ndi wa shuga, carbamazepine ndi wa khunyu pamene carbimazole ndi wa chithokomiro, hydralazine amatsitsa kuthamanga kwa magazi pamene hydroxyzine ndi wa kuyabwa ndi nkhawa. Dokotala akalemba mothamanga, wopereka mankhwala n'kukhala wotopa, kulakwitsa sikuchedwa.

Pa tsiku lothera mphamvu, ngati palembedwa mwezi ndi chaka chokha, monga EXP 06/2027, nthawi zambiri zimatanthauza kuti mankhwalawo ndi abwino mpaka kumapeto kwa mwezi umenewo. Werengerani nokha: ngati mwagula mankhwala omwa miyezi itatu koma akutha mphamvu mwezi wamawa, akaneni pomwepo.

Komanso musafulumire kuganiza kuti alakwitsa chifukwa piritsi lasintha mtundu kapena kukula. Mankhwala amodzi omwewo amapangidwa ndi makampani ambiri, aliyense ndi maonekedwe ake. Chofunika ndi dzina lenileni la mankhwala, lolembedwa kawirikawiri m'zilembo zing'onozing'ono pansi pa dzina la malonda, ndi mphamvu yake. Mukakayika funsani. Ndipo funsaninso, musanalipire, kuti malamulo awo obwezera katundu ndi otani, makamaka pogula chipangizo chodula. Lisiti litengeni ndipo mulijambule pafoni, chifukwa inki ya malisiti ambiri imafufutika yokha pakapita miyezi yochepa.

Chachinayi: mukazindikira muli kunyumba kuti akupatsani olakwika

Siyani kumwa nthawi yomweyo. Ngati wodwala wamwa kale, nkhani ya ndalama idikire kaye: imbani foni ku famaseko kapena kwa dokotala, munene dzina la mankhwala, kuchuluka kwa amene amwedwa ndi nthawi yake. Ngati wodwalayo ndi mwana, mayi woyembekezera kapena wokalamba, kapena wayamba kuwodzera modabwitsa, kubanika, kutupa kumaso kapena kukomoka, thamangirani naye kuchipatala mutanyamula katoni ya mankhwalawo.

Kenako sungani umboni. Jambulani katoni mbali zonse, chizindikiro chimene famase inamata, ndi mapiritsi enieniwo. Musawasamutsire m'botolo lina, musataye katoni, musachotse pepala lomatidwa. Pobwerera tengani mankhwala otsala onse, lisiti, ndi pepala la dokotala kapena chithunzi chake. Pitani tsiku lomwelo kapena lotsatira. Mukachedwa milungu iwiri kumakhala kovuta kusonyeza kuti mankhwalawo anachokeradi kumeneko.

Mukafika pemphani kulankhula ndi wafamase amene ali ndi udindo, osati wolandira ndalama. Fotokozani mofatsa, mwachitsanzo: "Pepani, dokotala anandilembera awa, koma amene ndapatsidwa ndi awa. Ndamwa kawiri. Mungandithandize bwanji?" Kukalipa kumachititsa anthu kuyamba kudziteteza m'malo mokuthandizani. Zimene muyenera kupempha ndi zitatu: mankhwala oyenera popanda kulipiranso, malangizo a zimene muyenera kuyang'anira m'thupi chifukwa cha amene mwamwa kale, ndiponso kuti cholakwikacho chilembedwe m'buku lawo. Chachitatuchi anthu amachinyozera, koma ndi chimene chimateteza wodwala wotsatira. Mwinanso mankhwala anu anapita kwa munthu wina amene sakudziwa n'komwe.

Akakana kukumverani, pafupifupi dziko lililonse lili ndi bungwe la boma lopereka ziphaso kwa mafamase ndi kuyang'anira mankhwala. Chiphasocho nthawi zambiri chimapachikidwa pakhoma, ndipo dzina la bungwelo limakhala pomwepo. Lembani dandaulo lalifupi lokhala ndi tsiku, dzina la mankhwala ndi zithunzi. Pamenepa musasiye mankhwalawo ku famase musanajambule.

Chachisanu: mankhwala owonongeka kapena ochotsedwa pamsika

Mapiritsi onyenyeka, osintha mtundu kapena omatana, makapisozi ofewa kapena ong'ambika, mankhwala amadzi amene achita mitambo pamene amayenera kukhala oyera, botolo lodontha, chomata chodulidwa kale: zonsezi ndi zifukwa zomveka zobwezera. Aspirin akayamba kununkha mowawasa kwambiri ngati viniga ndiye kuti chinyontho chamulowa ndipo wayamba kuwonongeka. Koma kumbukirani kuti mankhwala ena amadzi amapangidwa mwadala kuti azidikha pansi, n'chifukwa chake pamalembedwa kuti mukhutchumule musanamwe.

Pa nkhani zoterezi chofunika kwambiri ndi nambala ya gulu limene mankhwalawo anapangidwira, yolembedwa pafupi ndi tsiku lothera mphamvu, pambuyo pa mawu akuti Batch, Lot kapena B.N. Boma kapena kampani ikamachotsa mankhwala pamsika, kawirikawiri imatchula manambala amenewa, osati mankhwala onse a dzina limenelo. Yerekezani nambala ya pa katoni yanu ndi imene yalengezedwa, ndipo chilengezocho chichokere ku bungwe loona za mankhwala kapena ku famase, osati uthenga wongozungulira pa WhatsApp.

Chochita chimasiyana malinga ndi vuto. Mu Okutobala 2022 WHO inachenjeza za mankhwala anayi a ana a chifuwa ndi chimfine amene anapezeka ndi diethylene glycol ndi ethylene glycol, poizoni wowononga impso, ndipo anakhudzana ndi imfa za ana pafupifupi 70 ku Gambia. Mankhwala otere mumasiya kupereka pompo n'kuwabweza, ngakhale botolo lili latheka. Koma mu 2018, pamene mitundu ina ya valsartan, mankhwala a kuthamanga kwa magazi, inapezeka ndi NDMA, chinthu chimene chingayambitse khansa munthu akachimwa kwa nthawi yaitali, odwala analangizidwa kuti asasiye kumwa mpaka atapatsidwa ena olowa m'malo. Kuopsa kosiya mwadzidzidzi kunali kwakukulu kuposa komwa masiku ena ochepa. Choncho pa mankhwala a mtima, BP, khunyu, shuga, HIV ndi a maganizo, pitani ku famase kapena kwa dokotala msanga, koma musadziimitse nokha.

Nanga mankhwala akakuyabwitsani kapena kukusanzitsani? Limeneli si vuto la katunduyo, ndipo ndalama sizibwezedwa kawirikawiri. Komabe kanenereni. Mafamase ndi zipatala amakhala ndi mafomu olembapo zovuta zobwera ndi mankhwala, ndipo dzina la mankhwala amene akuvutitsaniwo mulisunge kuti mudzawapewe.

Chachisanu ndi chimodzi: zipangizo ndi katundu wina

Apa malamulo ndi ofewerapo, ndipo famase iliyonse imakhala ndi ake. Mfundo imene ambiri amatsata ndi yakuti chinthu chokhudza thupi chikatsegulidwa sichibwezedwa: matewera, mabandeji, makondomu, zoyezera mimba, timapepala toyezera shuga, masokosi othina a mitsempha, malamba a msana ndi a bondo, mabotolo oyamwitsira ana. Pa zinthu zokhala ndi saizi yezani mwendo kapena chiuno musanagule, kapena pemphani kuti akuyezeni konko, poti "sichinandikwane" sichikhala chifukwa mukang'amba paketi.

Makina oyezera BP, oyezera shuga, oyezera kutentha kwa thupi, ndodo zoyendera ndi njinga za odwala ndi nkhani ina. Zikakhala zosagwira ntchito kuchokera pogula, muli ndi ufulu monga pa katundu wina aliyense. Sungani katoni, kabuku ka malangizo, khadi la waranti ndi lisiti pamodzi. Musanabwerere yesani mabatire atsopano, ndipo pa makina a shuga onetsetsani kuti timapepala ndi ta mtundu womwewo ndipo sitinathe mphamvu, chifukwa makina ambiri onenedwa kuti ndi owonongeka amakhala alibe vuto. Makina a BP akamapereka manambala okayikitsa, pitani nawo kuti akayerekeze ndi awo pa mkono womwewo. Nthawi zambiri vuto limakhala lamba wochepa kapena wamkulu kuposa mkono. Ndipo musawatsegule ndi sikuludiraiva kuti muone m'kati, waranti imathera pomwepo.

Zogula pa intaneti zili ndi malamulo akeake. Mwachitsanzo, m'mayiko a European Union wogula ali ndi masiku 14 oti asinthe maganizo, koma lamulo lomwelo limapatula katundu womatidwa amene sangabwezedwe pa zifukwa za ukhondo ndi thanzi akangotsegulidwa. Werengani zimene wogulitsa walemba musanalipire, ndipo musatumize mankhwala pa positi musanagwirizane naye.

Chachisanu ndi chiwiri: kubweza otsala kuti akawonongedwe

M'nyumba zambiri muli kabati kapena kachikwama kodzaza ndi mapiritsi a matenda amene anatha kalekale. Ndi amene ana amatola, ndi amene achibale amagawana poti "zizindikiro zikufanana", ndipo maantibayotiki otsala omwedwa mwachisawawa ndi amene amathandiza tizilombo kuzolowera mankhwala. Sankhulani kabatiyo kamodzi kapena kawiri pachaka. Chotsani onse otha mphamvu, osadziwika dzina, ndi amene dokotala anakuimitsani. Chotsaninso amene tsiku lawo silinafike koma anatsegulidwa kale: mankhwala ambiri odonthezera m'maso amatayidwa pakatha masiku 28 chitsegulireni, insulini yambiri imene yayamba kugwiritsidwa ntchito imakhalanso pafupifupi masiku 28, ndipo maantibayotiki a ana osungunula ndi madzi, monga amoxicillin, amatha pa masiku 7 mpaka 14 malinga ndi zolembedwa pa botolo.

Funsani kaye ngati famase yanu imalandira. Mayiko ena anakhazikitsa dongosolo lake: ku France kuli Cyclamed kuyambira 1993, ku Australia kuli ndondomeko ya Return Unwanted Medicines kuyambira 1998, ku Britain mafamase amalandira mankhwala osafunikanso kuchokera m'makomo, ndipo ku America bungwe la boma lolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo la DEA limakonza masiku apadera otolera mankhwala mu Epulo ndi Okutobala. Kumene kulibe dongosolo lotere, famase ya pachipatala ndi malo oyamba kufunsa, popeza zipatala zimakhala ndi njira yowonongera zinyalala zawo.

Ponyamula, siyani mankhwala m'mapaketi awo kuti olandira adziwe chimene akugwira, koma fufutani dzina lanu pa chizindikiro. Mabotolo amadzi atsekeni bwino, muwaike m'jumbo yawoyawo. Masingano ndi tobayira pachala musaziphatikize ndi mapiritsi ngakhale pang'ono. Munthu wopisa dzanja m'jumbo akhoza kubayidwa. Zimenezi zimalowa m'kabokosi kake ka masingano, kapena m'chigubu cholimba chapulasitiki chokhala ndi chivindikiro chopotokola, ndipo chikadzaza magawo atatu mwa anayi mumatseka n'kumata. Nenani kuti muli masingano musanapereke.

Mankhwala amphamvu oletsa ululu, monga morphine, pethidine ndi zomata pakhungu za fentanyl, apatuleni ndipo muwapereke m'manja mwa wafamase weniweni, chifukwa amayendetsedwa ndi malamulo okhwima ndipo ena amafuna kulembedwa m'kaundula. Chomata cha fentanyl chimene chagwiritsidwa kale ntchito chimakhalabe ndi mankhwala okwanira kupha mwana. Chipindeni pakati, mbali zomata zigwirane. Mankhwala oterewa amatsala kawirikawiri munthu akamwalira atadwala nthawi yaitali, ndipo sayenera kugona m'nyumba miyezi. Koma ngati imfayo inali yadzidzidzi ndipo ikufufuzidwa, musabweze chilichonse mpaka ofufuza atanena.

Zopopera za mphumu musaziboole kapena kuziponya pamoto, zimaphulika ngakhale zikuoneka ngati zatha. Choyezera kutentha chakale chagalasi chokhala ndi mekyule chikulungeni kuti chisasweke n'kufunsa kumene chingalandiridwe. Chikasweka musasese ndi tsache, kokololani timadontho take ndi pepala lolimba, mutiike m'botolo lotseka, ndipo mutsegule mawindo.

Ngati palibiretu kolandira, njira yotsala ndi iyi. Tulutsani mapiritsi m'mapaketi osawaphwanya, muwasakanize ndi dothi kapena chinthu china chonyansa choti mwana kapena chiweto sichingakhumbe, mutsekere m'jumbo kapena m'chitini, kenako mutaye pamodzi ndi zinyalala zina pamalo amene ana sangafukule. Musathire mankhwala m'sinki, m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime, ndipo musawatenthe pamoto wapanja chifukwa utsi wake ndi woipa. Njira imeneyi si ya mankhwala a khansa, masingano kapena morphine ndi anzake. Amenewo asungeni pamalo okhoma mpaka tsiku limene mudzapite kuchipatala, mukawapereke kumeneko.